Tepi imene a Mbewe anakana kutentha

Kho! Kho! Kho!

Timatabwa tiwiri ta mlombwa tikugundana katatu. Phokoso limeneli linkamveka pa Kamwendo dzuwa likangopendeka, ndipo linkapyola kulira kwa maminibasi ndi kukuwa kwa oitanira. Aliyense ankadziwa kuti a Gelevazio Mbewe atsegula kanema wawo. Anzawo a mavidiyo ankaika masipika panja kuti mfuti ndi zibakera zimveke mpaka kumsika. Iwo ayi. Ankaima pakhomo, malaya atamanga mabatani mpaka m'khosi, n'kugunda katatu basi. Amene sanamve, zake zimenezo.

A Mbewe tawaika m'manda sabata yatha. Ndikulemba izi chifukwa pamaliro pawo panalibe woimirira kunena mbiri yawo. Wolengeza anangoti anabadwira cha ku Kachebere, adwala miyezi iwiri, atisiya Lachiwiri. Tinaimba nyimbo imodzi mothamanga. Tonse amene tinalipo tikanakwana m'minibasi imodzi, malo n'kutsala.

Amene anawadziwa mochedwa amakumbukira mdala wouma mutu, woonetsa kanema m'chisakasa chopanda khoma lakutsogolo. Ambiri sadziwa kuti khomalo linalipo, ndipo analigwetsa okha ndi manja awo.

Anabwerera kuno matipate atangoyamba kumene. Anali atakhala ku Zambia zaka zambiri, ndipo zaka zomaliza ankaphikira Mjapani wina wophunzitsa ulimi wa mpunga. Bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira tivi, deki ndi katoni yodzaza matepi. Akazi awo anamwalira komweko, ana analibe, ndipo abale awo ambiri kuno anali atatha. Choncho ngakhale mchombo wawo unakwiriridwa ku Kachebere, anthu ankawatchula kuti a ku Zambia. Lilime lawo nalonso linkawapereka. Ankati “manje” ndi “nifuna” m'malo mwa “tsopano” ndi “ndikufuna”, ndipo ana ankawayeserera kumbuyo.

Chijapani sankachidziwa. Ankadziwa mawu a kukhitchini okha: mchere, madzi, kwatentha, zikomo. Matepi awo analibe ngakhale mawu a Chingerezi olembedwa pansi. Tepi iliyonse ankayamba aionera okha kangapo, kenako n'kuima pambali pa tivi ndi kulankhulira aliyense wa m'kanemamo, amuna, akazi, nthawi zina ndi hatchi yomwe. Anthu a malupanga aatali ndi tsitsi lomanga pamwamba ankawapatsa mayina akwathu. Wina anali Phiri, wina Banda, mayi wothira tiyi anali Nangozo.

Tsiku lina mphunzitsi wina wochokera kumpoto anaimirira pakati pa kanema.

“A Mbewe, mukutinamiza inu. Mwezi watha munati mkuluyu ndi malume ake a mnyamatayo. Lero mukuti ndi apongozi?”

“Mwezi watha ninali nisanamuyang'anitsitse,” anatero a Mbewe. “Taonani m'mene akugwadira patali, maso pansi, osafuna kuyandikira. Inu aphunzitsi, malume anu mumawagwadira chonchi? Ni apongozi awa. Khalani pansi, mukutchinga ana.”

Tonse tinaseka, mphunzitsiyo nayenso anaseka. Koma a Mbewe sanaseke. Kwa iwo imeneyi inali ntchito.

Malamulo awo anali ochepa koma osapindika. Nsapato zonse zinkatsala pakhomo, monga ankachitira anthu a m'kanemamo. Ambirife tinalibe chovula, choncho lamuloli linkapweteka olemera okha. Mkulu wina wogula fodya anakana kuvula nsapato zake zatsopano, ndipo anamubweza pamaso pa chibwenzi chake. Kanema ankatha dzuwa lisanalowe, chifukwa ankati wobwera kwa iwo azibwerera kwawo akuona njira. Ndipo tepi sankaithamangitsa, zivute zitani.

Pamenepa ndi pamene ankakangana ndi anyamata. M'makanema awo, amuna awiri ankatha kuima moyang'anizana nthawi yaitali, mphepo ikugwedeza udzu, popanda wosolola lupanga.

“Thamangitsani, madala! Ife tabwerera ndewu!”

“Ndewu yayamba kale, iwe ndiwe suiona. Ufuna za kudumphadumpha, pita tsidya la msewu. Kumeneko amenyana kuyambira m'mawa.”

Ankakonda kunena kuti munthu wodziwadi kumenya ndi amene amachedwa kukweza dzanja. Ankanenanso kuti sakumva chilankhulo cha anthu a m'matepiwo koma akumva chimene chikuwapweteka. Wina akati akuonetsa za Chitchaina, ankazimitsa tivi mpaka munthuyo atavomera kuti Japani ndi dziko lina. Nthawi ya kampeni anyamata a chipani china anabwera kudzabwereka batire ya tivi yawo kuti akaimbire nyimbo pamsonkhano. Anawakaniza. Mawa lake kunabwera a chipani chinanso, poganiza kuti mdalayo ndi wawo. Nawonso anabwerera chimanjamanja.

Sindikufuna kuwayeretsa. Anali munthu wonyada, wosadziwa kupepesa, ndipo pakamwa pawo pankaluma. Anthu ena amene anadzawaukira anali atawasungira kale mawu.

Ine ndinkakhala ndi agogo anga a Nabanda, makolo anga atamwalira. Agogowo ankagulitsa mtedza wophika pafupi ndi khomo la kanemayo, ndipo iwo ndi a Mbewe ankakangana tsiku lililonse. Nkhani inali imodzimodzi: a Mbewe sankalola chakudya mkati.

“Mukundiphera malonda, inu mfumu ya ku Japani yopanda anthu!”

“Makoko anu asesa ndani, a Nabanda? Muno si m'khola.”

Malo anga m'kanemamo anali kumapeto kwa benchi yachitatu. Sindinali wolankhulalankhula, ndipo a Mbewe ndi munthu wamkulu yekhayo amene sanandifunsepo chifukwa chake.

Mabenchiwo anakhoma a Tembo, kalipentala wa kuseri kwa msika. Awa ndiwo anali bwenzi lawo lenileni. Ankasewera limodzi bawo m'mawa, akunyozana ngati ana. A Tembo anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake Esinati, ndi khanda lalimuna la miyezi ingapo.

Loweruka m'mawa inali nthawi ya ana. A Mbewe ankaonetsa makatuni, ndipo imodzi ana ankaikonda kuposa onse. Munali kamtsikana ka kumidzi ya mpunga, kamene mlongo wake anadwala kwambiri. Mankhwala anali pamwamba pa phiri lakutali. Kamtsikanako kanakhala m'lichero lopetera mpunga, kanagwira m'mphepete, ndipo licherolo linanyamuka n'kuuluka pamwamba pa minda. Kwa amene anajambula, mwina lichero ndi lichero basi. Kwathu kuno aliyense amadziwa amene amanenedwa kuti amauluka palichero.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi malungo ambiri. Khanda la a Tembo linadwala. Masana ena mayi ake atatuluka m'nyumba anapeza Esinati atakhala m'lichero pabwalo, atagwira m'mphepete, maso atatseka.

“Ukutani m'menemo iwe?”

“Ndikufuna ndiuluke, ndikamutengere mwana mankhwala.”

“Wakuphunzitsa zimenezo ndani?”

“Kwa a Mbewe.”

Panali amayi ena awiri pakhondepo amene anamva. Patapita masiku awiri khandalo linamwalira.

M'mawa wotsatira tsiku loika maliro, khamu linafika pachisakasa cha a Mbewe. Linali tsiku la msika, choncho anthu ankangowonjezekera. Ena ananyamula miyala, wina botolo la parafini. Esinati anali kutsogolo, azakhali ake atamugwira dzanja mwamphamvu. Sankalira. Ankangoyang'ana mapazi ake.

“Tulukani, mdala!”

“Mwatha ana athu!”

“Abwerere kwawo ku Zambia ameneyo!”

A Mbewe anatuluka, mabatani mpaka m'khosi monga mwa masiku onse. A Tembo ndiwo analankhula. Maso anali ofiira, komabe ulemu sanautaye.

“A Mbewe, sitinabwere kudzakupwetekani. Tulutsani tepi ya lichero ija tiitenthe pano, anthu aone. Zikatero nkhani yanu yatha. Mwanayu mawa tipita naye kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, akamusanzitse zimene mwamudyetsa.”

“Mwana uyu sanadye kanthu kwa ine,” anatero a Mbewe. “Muno simulowa chakudya. Funsani a Nabanda, akhala akunitukwana nazo zaka zonsezi.”

Wina anaseka kumbuyo, anzake anamukalipira.

“Musatichedwetse. Tepiyo ibwere.”

A Mbewe analowa mkati. Anatuluka ndi chikwanje. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo, amayi akukuwa, mwamuna wina anagwera panjinga za eni. Koma iwo sanayang'ane munthu. Anatembenukira khoma lawo la tsekera n'kuyamba kudula luzi, mfundo imodzi ndi imodzi, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Kenako analikankha ndi phewa. Khoma lonse lakutsogolo linagwa pansi, fumbi koboo, ndipo zonse za mkati zinaonekera: mabenchi asanu, tebulo, tivi, batire ndi katoni ya matepi.

“Mwati muno mumachitika zobisika,” anatero. “Manje palibe chobisa. Ambiri a inu simunaionepo tepi imeneyi, mwangomva. Muione. Ndipo lero sinilankhula kanthu, mungati naika mawu anga m'kamwa mwa anthu. Onani mweka, ni maso anu.”

Analumikiza mawaya, n'kuika tepi, n'kukaima pambali manja atapinda kumbuyo.

Sindinaonepo anthu ochuluka chotero ali chete. Ogulitsa tomato anasiya tomato wawo. Panalibe womva ngakhale liwu limodzi la Chijapani, koma panalibenso wochoka. Kamtsikana kaja katakhala m'lichero n'kunyamuka, amayi ena anafuula.

“Ndi zimenezo! Lichero lenileni!”

“Mwaona? Mwaona?”

Komabe anapitiriza kuonera. Anaona kamtsikanako kakunyowa ndi mvula m'mwamba, kakulira, kakugwa pathanthwe n'kudzukanso. Anakaona kakubwerera ndi masamba m'manja. Anaona mlongo wake wodwalayo akutsegula maso. Mayi amene anafuula kwambiri uja ndinamuona akupukuta nkhope ndi chitenje.

Tepi itatha, a Tembo anaima pakati.

“Wake wadzuka,” anatero. “Nanga wanga ali kuti?”

A Mbewe anatembenukira kwa iwo.

“Wanu wagona, a Tembo, ndipo ine nalira naye. Amutenga ni malungo. Uyu mwamugwira dzanjayu anakhala m'lichero chifukwa anafuna kupulumutsa mlongo wake. Ndiye mufuna mukamusanzitse chiyani? Chikondi?”

Anatulutsa tepi ija m'deki, anamasula mabatani awiri, anaiika pachifuwa mkati mwa malaya, n'kumanganso mabataniwo mosafulumira.

“Amene afuna kutentha, atenthe pamodzi ni ine. Ngati mulibe machesi, nili nawo. Ndipo kuno sinichoka. Amayi anga agona ku Kachebere, naine nizagona kwamene kuno.”

Mwala unachokera kumbuyo n'kuwagunda pamwamba pa diso. Magazi anatsika mpaka pakolala. Sanawapukute, ndipo sanasunthe. Mnyamata wa parafini uja anayang'ana a Tembo, a Tembo anayang'ana pansi. Pamenepo agogo anga anadutsa pakati pa khamulo ndi beseni lawo pamutu, anakhala pamalo pawo pa masiku onse, n'kuvundukula.

“Mtedza wophika! Wotentha! Kapena mwabwera kudzangoima?”

Anthu anayamba kuchoka, awiriawiri, atatuatatu, akung'ung'udza. A Tembo anaitana anyamata awo a kushopu, ananyamula mabenchi onse asanu n'kupita nawo.

Mawa lake masana, agogo akutsuka bala la a Mbewe lija ndi madzi amchere, ndinamva akuwakalipira.

“Inu ndinu chitsiru cha munthu wamkulu. Tepi n'chiyani? Muli nawo katoni yonse. Mukanangoipereka, lero bwenzi mukusewera bawo.”

“A Nabanda, nikatentha ndiye kuti navomera kuti munali ufiti. Nikavomera, mwana uja waphunzira ufiti. Ngati waphunzira ufiti, wapha mlongo wake ni iyeyo. Azakula nalo dzina limenelo, azakwatiwa nalo, azafa nalo. Ine nakalamba kale. Aniyang'ane ine.”

“Ndiye mudzafa nokha ngati galu.”

“Mwina. Pang'onopang'ono ndi mcherewo, mukupweteka.”

Kwa sing'anga Esinati sanapite. Mayi ake anali m'khamu lija, ndipo anauza amuna awo kuti aona ndi maso awo kuti zinali zojambula za ana, mwana wawo sapita kulikonse. Patapita mwezi anamutumiza kwa achemwali awo cha ku Guilleme kuti akaphunzire kumeneko. Mkwiyo wonse unatsalira pa mdala wokana kutentha tepi. Mwanayo anthu anamuiwala, monga a Mbewe ankafunira.

Koma mdalayo anthu sanamuiwale. A Mbewe sanawamenyenso, koma anawasiya. Ana akayandikira chisakasacho ankakokedwa makutu. Kuchigayo anthu ankasuntha matumba awo iwo akafika. Mwana akadwala mbali iliyonse ya msika, maso ankatembenukira komweko. A Mbewe anayankha m'njira yawo. Aliyense wowalambalala ankamupatsa moni mokweza, pomutchula dzina. M'mawa uliwonse popita kukatchajitsa batire ankadutsira dala pashopu ya a Tembo.

“Mwadzuka bwanji, a Tembo?”

Chinkayankha ndi sowo yochekera matabwa yokha. Anachita zimenezi mpaka miyendo itakana.

Khoma lija sanalimangenso. Ena anawalangiza kuti popanda khoma palibe adzalipire pakhomo, poti khomo lenilenilo palibe. Anati amene akufuna kuba kanema ndi maso abe, bola asadzanene kuti sanaone. M'malo mwa mabenchi anandanda njerwa. Tinkakhalapo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, nsapato titavula m'mphepete mwa mthunzi, pamene panali khomo kale. Koma tsidya la msewu, akabaza ankapopa matayala osaphwa kwa ola lathunthu, maso ali kwa amuna a malupanga. A Mbewe ankadziwa, ndipo ankakweza mawu kuti nawonso amve.

Loweruka lililonse m'mawa ankaonetsa tepi ya lichero ija. Kaya pabwera ana atatu, kaya palibe, inkazungulira. Chithunzi chinafika poyera ngati mukugwa mvula. Katekisiti wina anawapempha mwaulemu kuti aisiye imeneyo yokha, mitima ya anthu izizire. Anamuyankha kuti tsiku limene adzaibise ndi tsiku limene anthu adzanene kuti ankadziwa kulakwa kwake. Atabwera makina a madisiki, mavidiyo onse pa Kamwendo anasintha. Iwo anakhalabe ndi deki yawo, akuitsegula ndi mpeni wa kukhitchini ikameza tepi.

Agogo atamwalira ndinapeza ntchito kuboma. Ndinkati ndizibwera kudzawaona mwezi uliwonse, koma sindinatero. Ulendo womaliza ndinawapeza maso atachita khungu pang'ono. Ankalankhulirabe anthu a m'kanemamo osayang'ana tivi, chifukwa zonse zinali m'mutu.

Pamaliro panabwera mphwawo wina wochokera kutsidya kwa malire, amene sitinamuonepo ndi kale lonse. Anamangirira tivi, deki ndi katoni panjinga, ndipo ananyamuka dothi la pamanda lisanaume. Panalibe mphasa ya anamfedwa. Panalibe woti munthu n'kumugwira dzanja ndi kunena kuti pepani. A Tembo sanabwere, koma bokosi linali lokhomedwa bwino, ndipo palibe amene ananena kumene linachokera.

Patapita masiku awiri ndinapita kuchisakasa kuja ndisanakwere minibasi. Makoma atatu akadaima, koma denga latsamira mbali imodzi. Pamene panali tebulo patsala timaenje tinayi m'dothi. Waya umodzi ukulendewera pamtanda. Mbuzi zayamba kale kugonamo, ndipo chisoso chamera m'mbali mwa nsanamira. Kuchokera mkatimo umaona msewu wonse, msika, ndi aliyense wodutsa. Ndinakhala pansi pamenepo nthawi ndithu.

Kenako mayi wina wachitsikana anapatuka pamsewu, mwana kumbuyo, nkhuku yomanga miyendo ili m'khwapa. Anaima m'mphepete mwa mthunzi, n'kugwada.

“Achimwene, ndinu mdzukulu wa a Nabanda?”

“Eya, ndine.”

“Ine ndine Esinati, mwana wa a Tembo. Uthenga wandipeza mochedwa. Ndafunsa pamsikapo kuti anamfedwa ndi ndani, aliyense akuti sakudziwa.”

“Ine si m'bale wawo, chemwali.”

“Ndikudziwa. Koma amene mwakhala pano ndinu.” Anayang'ana makoma atatu aja, kenako mbali yopanda khoma. “Amayi anandifotokozera zonse nditakula kale. Ndinkati ndidzabwera ndi mwanayu adzamuone. Ndachedwa.”

Anasendera pafupi ndi maondo, anatambasula manja onse awiri atanyamula nkhuku ija.

“Pepani maliro.”

Ndinalandira. Nkhukuyo inali yofunda, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. Esinati anaimirira, anakweza mwana wake bwino kumsana, n'kulowera kumsewu, kudutsa pakati pa msika anthu onse akuona.